Za zikhadabo zakozo, mwana wa achimwene anga

Mwana wanga wokondedwa,

 Kuno dzuwa likuswa mtengo. Zithunzi za manja ako ndinaziona, ndipo pempho lako loti ndimuuze msuweni wako wa ku Johannesburg akugulire kanyale kowumitsira jelo ndalimva. Ndasankha kukuyankha papepala chifukwa pafoni umandidula mawu.

Ndiyambe ndi bambo ako. Anandiimbira akudandaula kuti Loweruka lonse limatha iwe uli zala yandayanda pakhonde, osakhudza kanthu. Ndinawauza kuti akusiye. Ine ndinakula nthawi ya Kamuzu, pamene lamulo la 1973 linkaletsa akazi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, ndipo linakhalapo mpaka 1993. Ndikudziwa mmene zimawawira anthu ena akamakusankhira maonekedwe. Kyuteksi sanapasulepo mudzi. Komabe bambo akowo sanalakwe zonse: mbale ziyambe zatsukidwa, madzi atungidwe, kenako ukhale pansi ndi timabotolo tako. Ndiponso ukayamba ndi kupaka, ntchito n'kubwera pambuyo, wawononga ndalama zako zomwe.

Tsono za kanyaleko, yankho langa ndi lakuti ayi, ndipo si nkhani ya ndalama. Kyuteksi wamba amauma yekha: timadzi tonunkha tija timauluka, n'kutsala kautoto kouma pamwamba pa chikhadabo. Jelo sauma choncho. Muli mankhwala otchedwa acrylates amene amalimba pokhapokha akalandira kuwala kwa nyale yoyenerana nawo, kwa nthawi yoyenera. Nyale ikakhala yofooka, kapena jelo n'kukhala wa kampani ina nyale ya kampani ina, pamwamba pamaoneka pouma koma mkati muli mwamadzi. Wosaumayo akamakhudza khungu mobwerezabwereza, thupi limayamba kudana naye. Zala zimayabwa, zimatuluka matuza, khungu limang'ambika, chikhadabo chimayamba kutukuka, ndipo ena ziwengo zimawatulukira m'zikope chifukwa chodzigwiragwira kumaso. Choipa kwambiri n'chakuti thupi likayamba kudana nawo mankhwalawa silisinthanso. Ndipo mankhwala a mtundu womwewo ndi amene madokotala amamatira mano obooka, komanso amagwiritsa ntchito poika chiuno kapena bondo lochita kupanga. Ukhoza kudzavutika uli ndi zaka 60 chifukwa cha kanyale kamene unagula uli ndi zaka 20. Bungwe la madokotala a khungu ku Britain, British Association of Dermatologists, linachenjeza za zimenezi mu 2018, n'kudzabwerezanso mu 2023, makamaka kwa anthu odzipaka okha kunyumba. Mayiko a European Union nawo analetsa mankhwala ena a mu jelo otchedwa TPO kuyambira pa 1 Seputembala 2025. Udzifunse wekha kuti katundu amene wakanidwa kumeneko akathera pamsika wa ndani. Ngati ukufunitsitsa jelo pa tsiku lalikulu, pita kwa munthu amene anaphunzira ntchitoyo, ndipo ukamuone ngati amatsuka zida zake.

Kyuteksi wamba ndiye ndikukulimbikitsa, ndipo ali ndi luso lake limene ambiri salidziwa. Pazithunzi zako ndaona tinthu titatu: wapaka wochindikala, wafika pakhungu, ndipo dzanja lamanja laoneka ngati linapakidwa mumdima. Zonsezi zimatheka kukonza.

Yamba wadula ndi kusalaza. Chodulira chikhale chako wekha, osabwerekana ndi anzako, ndipo lezala usaliyandikize n'komwe. Fayilo uziyendetsa cholowera mbali imodzi, kuchoka m'mphepete kupita pakati, osati kucheka uku ndi uku, chifukwa chikhadabo chili ndi timagawo topyapyala tosanjikizana ndipo ukachicheka timagawoto timakanganuka. Usaviike manja m'madzi nthawi yaitali ukatsala pang'ono kupaka. Chikhadabo chimamwa madzi n'kufufuma, ndiye chikamadzauma n'kubwerera mwakale utoto uja umasweka. Ukatha pukuta chilichonse ndi kathonje konyowetsa ndi rimuva, ngakhale panalibe kyuteksi wakale, kuti uchotse mafuta. Vaselini ndi mafuta odzola zibwere pamapeto penipeni.

Pali kakhungu kopyapyala kamene kamagwira patsinde pa chikhadabo. Atsikana a m'mavidiyo amakadula kuti pawoneke poyera. Iwe usakadule. Kakhungu kameneko ndi kamene kamatseka mpata kuti madzi akuda ndi tizilombo zisalowe kumene chikhadabo chimamerera. Ungokakankhira m'mbuyo pang'onopang'ono ndi kansalu ukangotha kusamba, basi. Pa zaka zimene ndinagwira ntchito ya unamwino ndinaona zala zambiri zotupa, zofiira, zodzaza mafinya, mwini wake osagona usiku chifukwa cha kuwawa kogunda, ndipo ukafunsa bwino umapeza kuti anadula kapena kuluma kakhungu kameneka.

Popaka, khala patebulo, chigongono ndi dzanja zitsamire pansi. Botolo usalikhutchumule, ulipukuse pakati pa zikhatho, chifukwa kukhutchumula kumalowetsa mpweya ndipo timathovu timatulukira pachikhadabo. Uyambe ndi uja wooneka ngati madzi amene amalemba kuti base coat. Ameneyu usamuone ngati wongodyera anthu ndalama: ndi amene amateteza chikhadabo kuti chisasanduke chachikasu ukapaka wofiira kapena wakuda. Kenako tenga mtundu wako, pukuta mbali imodzi ya kaburashi pakamwa pa botolo, ika kadontho pafupi ndi tsinde koma usiye kampata kochepa ngati ulusi, ndiye ukoke katatu: pakati, kumanja, kumanzere. Ukaona kuti pakuonekera, usabwererepo pomwepo. Usiye, udikire mphindi ziwiri kapena zitatu, upakenso kachiwiri mopyapyala chomwecho. Wochindikala amauma pamwamba pokha, n'chifukwa chake umadzuka m'mawa zikhadabo zitadindika nsalu ya pabedi. Pomaliza paka top coat, ndipo udutsitse kaburashi kunsonga kwenikweni kwa chikhadabo, pakuti kukanganuka kumayambira kumeneko.

Dzanja lamanja uziyamba nalo. Lamanzere ndi losazolowera, ndiye lipatse ntchito lisanatope komanso zala zake zikadali zouma. Lisamayende kwambiri: ligwire kaburashi malo amodzi, chala chopakidwacho ndicho chizitembenuka. Pamene padumphira pakhungu, tenga kamtengo ka machesi, kulunga kathonje kunsonga, nyowetsa ndi rimuva, pukuta. Palibe amene amapaka osadumphitsa, ngakhale a m'saluni amachita kupukuta.

Nyengo yotentha ino uzipaka madzulo pamthunzi, pamalo popita mphepo. Padzuwa utoto umauma ukadali pakaburashi. Ndipo imva bwino apa: kyuteksi ndi rimuva zimayaka moto msanga kwambiri. Mu rimuva wambiri muli acetone, ndipo mpweya wake wokha umatha kugwira moto. Magetsi akazima usamati ndipakira pakandulo kapena pafupi ndi mbaula. Dikira kuche. Timabotolo usunge motseka bwino, kutali ndi dzuwa, pamwamba poti ang'ono ako sangafike, chifukwa rimuva amaoneka ngati madzi akumwa. Pakamwa pa botolo uzipukuta usanatseke kuti lisamalowe mpweya. Kyuteksi akalimba usathiremo rimuva: amasungunuka tsiku limenelo koma kuwala kwake kumatha. Pochotsa, ika thonje lonyowa pachikhadabo, dikira pang'ono, kenako koka. Osapala ndi mano, mpeni kapena chikhadabo chinzake, ndipo thinala wa amisiri opaka nyumba ndi petulo si zapathupi.

Timabotolo ta pamsika topanda dzina la kampani, topanda mndandanda wa zimene aikamo, ungotidutsa. Bola ukhale ndi mitundu itatu yodziwika kusiyana ndi khumi yosadziwika kumene yachokera. Cutex inayamba ku America mu 1911, Revlon mu 1932. Sindikuti ugule zimenezo zokha, koma kampani imene yalemba dzina lake pabotolo imakhala ndi choopa.

Tsopano ndifike pamene pali mtima wanga. Manja athu kuno si ongojambulitsa. Ndi omwewo timatemera nsima, kupatulira ndiwo, kudyetsera mwana phala, kusinthira thewera. Pansi pa chikhadabo chachitali pamabisala litsiro limene sopo salifikira, ndipo utoto wakuda umabisa litsirolo ngakhale kwa mwini wake. Kyuteksi akayamba kukanganuka, m'ming'alu mwake mumakhalanso tizilombo, ndipo tizidutswa take timagwera m'chakudya. N'chifukwa chake anamwino ndi ophikira anthu amauzidwa kusunga zikhadabo zazifupi ndiponso kupewa zomata. Sunaiwale kolera imene inayamba mu 2022 n'kupitirira mu 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Matenda otere amayenda ndi madzi komanso manja. Choncho utali wake ukhale woti ukatembenuza dzanja n'kuyang'ana kuchikhatho, nsonga zingosuzumira pang'ono. Chikhadabo chachifupi chopakidwa bwino chimakongola kuposa chachitali chokanganuka, ndipo ukaona kuti wayamba kusweka, chotsa tsiku lomwelo. Pochapa ndi pokwecha miphika vala magolovesi ngati ulinawo, kyuteksi adzakhalitsa ndipo manja sadzauma ndi sopo.

Zikhadabo zomata ndi guluu ndimaziopa. Ndikukumbukira mtsikana wina wa msinkhu wako amene anabwera kuchipatala atakulunga chala ndi mpango. Anali atamata zikhadabo zapulasitiki pa ukwati wa mnzake, zokongola ndithu, zapinki, zokhala ndi timiyala tonyezimira. Chimodzi chinatukuka pang'ono m'mbali, iye n'kuthiramo guluu uja womatira nsapato osayamba waumitsa, n'kumapitiriza kuchapa ndi kutsuka. Titachichotsa, chikhadabo chake chenicheni chinali chobiriwira, chofewa, chonunkha. Tizilombo tina totchedwa Pseudomonas timakonda malo achinyezi otsekeka ngati amenewo. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Anachira, koma anadikira nthawi, chifukwa chikhadabo cha kumanja chimakula pafupifupi mamilimita atatu okha pamwezi, ndipo kuti chimere chonse chatsopano pamapita miyezi pafupifupi 6. Cha kuphazi chimatha chaka kapena kuposerapo.

Anthu amati chikhadabo chizipuma mpweya. Sichipuma. Mbali imene timapakayo ndi yakufa kale, chakudya chake chimachokera m'magazi kutsinde. Komabe uzisiya masiku angapo osapaka ukachotsa wakale. Chifukwa choyamba n'chakuti acetone amaumitsa chikhadabo ndi khungu, ndiye masiku amenewo uzidzola mafuta. Chachiwiri, ndipo ndicho chachikulu, n'chakuti uzichiona. Zikhadabo zimanena za m'thupi. Zikayezuka kapena kulowa pakati ngati sipuni, nthawi zambiri ndi kuchepa kwa magazi, vuto limene atsikana ndi amayi ambiri ali nalo. Zikachindikala, kusanduka zachikasu n'kumafumbutuka, angakhale mafangasi, ndipo kuwaphimba ndi utoto sikuwachiza. Mzere wakuda wotsika m'chikhadabo ambirife akhungu lakuda tili nawo ndipo si matenda, koma ukaona umodzi ukukula, ukusintha, kapena kuda kwake kwafika pakhungu, pita akakuone. Bob Marley anamwalira mu 1981 ali ndi zaka 36 ndi khansa imene inayambira pansi pa chikhadabo cha chala cha kuphazi. Ndipo tsiku lina ukadzapita ku opaleshoni kapena kukachira, udzachotse kyuteksi usananyamuke. Kachipangizo kamene amapanitsa pachala poyeza mpweya m'magazi kamadalira kuwala kodutsa m'chalamo, ndipo utoto wakuda umatha kukasokoneza.

Za mitundu sindikusankhira, maso ndi ako. Ndingokuuza kuti pamaliro anthu amayang'ana manja a amene akuphika ndi kugawa chakudya, ndipo wofiira kwambiri amayambitsa manong'onong'o osafunika pamalo achisoni. Chimodzimodzi tsiku lokafunsira ntchito, kapena lokaonekera kwa apongozi mtsogolomu. Si kuti n'tchimo, koma ungadzatope ndi kuyankha. Anzako achisilamu ukawaona akukonda hina kusiyana ndi kyuteksi usadabwe: posamba asanapemphere madzi amayenera kufika pachikhadabo, ndipo hina satchinga madzi. Hina weniweni amatuluka wofiirira. Uja wakuda bii amene amagwira msanga amakhala wosakaniza ndi mankhwala odayira tsitsi, ndipo amawotcha khungu.

Unatchulanso zoti anzako ayamba kukupempha kuti uziwapaka. Apake, n'kucheza komwe. Koma aliyense abwere ndi fayilo ndi chodulira chake, ndipo chala chimene chili ndi bala kapena chotupa usachikhudze. Ukadzaona kuti luso lakula ndipo ukufuna kumalipiritsa, tidzakambirane zokaphunzira kwa odziwa, pamenepo ndidzathandiza ndi mtima wonse.

Msuweni wako akubwera pa Khirisimasi. Ndamuuza akutengere base coat, top coat, mafayilo ndi magolovesi awiri, mtundu usankhe wekha umutumizire uthenga. Ukadzabwera kuno udzatenge timabotolo tako, chifukwa maso anga masiku ano sakuonanso bwino zala za kuphazi ndipo ndikufuna wondipaka. Undiperekere moni kwa bambo ako, mayi ako ndi ang'ono ako onse.

Ndine,
Azakhali ako