Za Kinnah Phiri, ndi za ana athu a pa bwalo

Abale athu owerenga, tikulemberani mau awa tiri kuno ku Area 36, m'mzinda wa Lilongwe, kumene ambiri a ife tinadza kucokera ku midzi kudzafuna nchito. Kuseri kwa nyumba zathu kuli kabwalo ka pfumbi, ndipo madzulo onse anyamata asonkhanapo ndi mpira wao wa mapepala womanga ndi zingwe. Kale tinkawapitirira osaceuka, kapena kuwakalipira mpira ukagwera m'ndiwo zathu. Cimene cinatembenuza mtima wathu ndico mbiri ya munthu mmodzi, ndi coipa cimene ife tomwe tinamcitira.

Munthuyo ndiye Kinnah Phiri. Akulu amene anamvera wailesi m'zaka za m'ma 1970 alidziwa bwino dzina limeneli. Iye anasewera m'timu ya Bata Bullets ya ku Blantyre, naseweranso m'timu ya dziko lathu, ya Flames, naimwetsera zigoli 71; kufikira lero palibe Mmalawi wina anafikapo pa ciwerengo cimeneci. M'caka ca 1978 Malawi anatenga cikho ca maiko a kum'mawa ndi pakati pa Afrika pogonjetsa Zambia, nacitenganso m'caka ca 1979 ku Kenya. Mphunzitsi wao anali Mngelezi, Ted Powell, ndipo Kinnah anali mkondo wace wakuthwa. Ife masiku amenewo tinali ana kumudzi. Tinkazinga wailesi imodzi mudzi wonse, ndipo m'mawa mwace mnyamata ali yense pa dambo anadzipatsa dzina la Kinnah.

Koma miyendo ya munthu siithamanga masiku onse. Atasewerako ku Manzini Wanderers, m'dziko la Swaziland limene tsopano ndi Eswatini, anasiya kusewera, nayamba nchito yina, ya kuphunzitsa anzace. Tsono taonani kusiyana kwa nchito ziwirizi. Wosewera akaona mpata amenya mpira yekha. Mphunzitsi aona mpata womwewo, koma ayenera kuima kunja kwa mzere, mapazi akumuyabwa, nayembekeza kuti mnyamata amene anamuuza kakhumi auone ndi maso ace. Akatswiri ambiri alephera pamenepa, pakuti sangathe kupirira ndi mwana wocedwa kumva.

Kinnah anapirira. M'caka ca 2004 anafikitsa Bullets m'gawo la magulu la mpikisano waukulu wa matimu a mu Afrika. Anakaphunzitsanso Free State Stars ku South Africa, ndipo m'caka ca 2008 anampatsa timu ya Flames. M'mwezi wa Juni caka comweco anyamata ace anagonjetsa Egypt ku Blantyre ndi cigoli ca Chiukepo Msowoya, cinkana Egypt ndiye anali mwini cikho ca Afrika. Pomwepo anatitengera ku mpikisano wa maiko a mu Afrika ku Angola, kumene Malawi sanapondeko ciyambire 1984. Pa 11 Januwale 2010, ku Luanda, tinagonjetsa Algeria 3-0. Omwetsa anali Russel Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda. Ife tinaonera m'kanyumba ka kanema pa msika, tiri opanikizana ngati usipa m'dengu, ndipo titatuluka, amai ogulitsa tomato anali kubvina m'mseu. Tsiku limenelo Kinnah sanakhudze mpira ngakhale kamodzi. Pambuyo pace Angola ndi Mali anatigonjetsa, koma tinamlandira ndi nthungululu.

Tsopano tiulule colakwa cathu. M'mwezi wa Okutobala 2012 Ghana anadza kuno ku Lilongwe, pa bwalo la Civo, ndipo ife tinapitako ndi mwana wathu wotsiriza, wa zaka khumi. Ghana anapambana 1-0, ulendo wathu wa ku cikho ca Afrika unathera pomwepo. Mkwiyo unatigwira, ndipo pamodzi ndi khamu tinapfuula kwa mphunzitsi mau amene siticitira mwina koma kuwabisa pano. Pobwerera kwathu mwanayo anakhala cete njira yonse. Titafika pa khomo anati, "Atate, kodi amene munali kuwatukwana aja si omwe munandiuza kuti ndiwatsanze?" Tinasowa coyankha. Kumayambiriro kwa caka ca 2013 tinamva pa wailesi kuti Kinnah amcotsa nchito, ndipo mau athu aja anatibwerera m'khutu.

Manyazi amenewa ndiwo anatitengera pa kabwalo kathu ka pfumbi. Tinati, popeza tidziwa kudzudzula, tiyeseko ife. Ha, abale, nchito imeneyi njobvuta! Tinauza mnyamata wina katatu kuti apatsire mnzace amene anaima poyera; iye anathamanga yekha, nautaya mpira. Tinafuna kulowamo tokha, koma mabondo anakana. Pamenepo tinazindikira cimene munthu woima kunja kwa mzere asenza. Pang'ono pang'ono anawo anayamba kumva: kufika pa nthawi yace, kupatsirana, kugwirana canza ndi owagonjetsa, ndi kusatukwana mnzao akaphonya. Tinawaikira lamulo lakuti wothawa sukulu sasewera, ndipo amai ao anatithandiza kulisunga. Si onse anakhala. Ena anatengeka ndi mowa, ndipo tikakomana nao m'njira mtima utiwawa. Koma mwana wathu uja, amene tsopano ndi bambo wa ndevu, ndiye aimba wezulo pa bwalolo, ife tiri pa mpando.

Cifukwa cace tikupemphani inu a ku midzi: m'mudzi uli wonse alimo mkulu wina amene anali dolo pa mpira masiku ace, ndipo lero angokhala pa khonde kusimba za kale. Muuzeni atsikire ku dambo Loweruka madzulo. Akulu anati m'mera m'poyamba. Ndipo timu yanu ikagonja, musanatsegule pakamwa yambani mwaceuka, muone mwana amene waima pambali panu.

Tsalani bwino, ndife abale anu a ku Area 36.