Madzulo Ano pa Gombe la Nkhotakota

Madzulo ano, nditakhala pamchenga kuno ku Nkhotakota, asodzi ali kukonza nyali zawo zokopera usipa, mtima wanga uli pa msuweni wanga amene wafika dzana kuchokera ku Johannesburg, kumene madokotala amuchotsa kathumba ka silikoni kamene adamuika pachifuwa atamudula bere chifukwa cha khansa.

Amuchotsa kathumbako pakuti thupi, likazindikira kuti mwalowa mlendo, limamanga chipsera momuzungulira, ndipo chipseracho chikalimba chimafinya kathumbako kufikira munthu asowa tulo ndi ululu. Kwa ena kamang'ambika, popeza sikadapangidwe kuti kakhale masiku onse a moyo wa munthu. Makolo adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo a ku France adaziona pamene boma lawo, mu 2011, lidalangiza amayi pafupifupi 30,000 kuti achotsetse timatumba ta kampani ya PIP, momwe mudathiridwa silikoni wa m'mafakitale. Mu 2019 nayo kampani ya Allergan idabweza timatumba take tokhakhala chifukwa cha khansa ina yosowa.

Koma mwana wa azakhali angayu lero wanyamula mdzukulu wake n'kumufungatira pachifuwa osabuula, ndipo ine misozi yalengeza.