Amayi anati ndi chulu chabe

Amayi anabwera kuno ku California kudzandithandiza nditabereka mwana wanga woyamba. Miyezi isanu yonse anathera m'nyumba, kusambitsa khanda ndi kudandaula kuti ufa wa kuno sugwira nsima. Patatsala masabata awiri kuti abwerere, manyazi anandigwira. Akakafika kumudzi akafotokoza chiyani, makoma?

Loweruka lina tinasiya mwana ndi bambo ake n'kukwera boti ku Tiburon kupita ku Angel Island, chilumba cha mu San Francisco Bay chomwe boma la California limasamalira ngati paki. Titatsika pa Ayala Cove ndinawalozera phiri la Livermore, lotalika mamita 240.

Anaseka mpaka kugwira m'chiuno. Munthu wa ku Mulanje, wokulira m'munsi mwa Sapitwa wa mamita 3,002, simungamuopseze ndi zotere.

"Iwe, limeneli ndi phiri? Kwathu timati chulu."

Chomwe sindinaganizire ndi mawondo awo. Njira ya North Ridge imayamba ndi masitepe ambirimbiri, ndipo tisanawamalize n'komwe amayi anali ataima, dzanja pabondo, akupumira m'mwamba.

"Tibwerere, amayi."

"Wanena zobwerera ndani?"

Tinapitiriza, pang'onopang'ono, kupuma pamthunzi uliwonse. Ine maso pafoni, kuwerengera nthawi, chifukwa boti lomaliza silidikira munthu ndipo pachilumbapo palibe hotela. Koma chondivuta kwenikweni sichinali boti. Awa ndi amayi omwe ankatsika phiri mtolo wa nkhuni pamutu, ine ndili kumsana. Miyezi isanu tinali nyumba imodzi, ine osaona kuti akalamba. Pakati pa khitchini ndi chipinda palibe chitunda.

Titafika pamwamba mphepo inatilandira, yozizira ngati ya chiperoni. Uko mlatho wa Golden Gate, uko Alcatraz, ndende yakale ija, ndipo kuseri kwake mzinda wa San Francisco uli mbee! Ndinawafotokozera kuti m'zaka za m'ma 1950 asilikali anasalaza nsonga imeneyi kuti aikepo zipangizo zoyang'anira mizinga, ndipo dothi lake linabwezeretsedwa mu 2002.

"Ndiye chulu chomwechi anachigumulanso?" Anapukusa mutu.

Kenako ndinawauza za nyumba zili m'munsi, m'mphepete mwa madzi. Kuyambira 1910 mpaka 1940, anthu ofuna kulowa m'dziko lino, ambiri a ku China, ankasungidwa mmenemo podikira chilolezo, ena masabata, ena miyezi. Posowa wowamvera, ankasema ndakatulo pamakoma a matabwa, ndipo zina zikuonekabe.

Amayi anakhala duu. Atatero anafunsa, osandiyang'ana:

"Nanga mapepala ako aja atuluka liti?"

Ndinalibe yankho. Chaka chachisanu tsopano sindinaponde kwathu, ndipo ndikachoka asanatuluke, njira yobwererera itha kutsekeka.

"Usachedwe kwambiri," anatero. "Miyendo yangayi waiona wekha."

Potsika anagwira phewa langa njira yonse, zomwe sanachitepo chibadwire changa. Boti tinalipeza anthu akukwera kale. Tili pamadzi anandipatsa foni yawo kuti nditumize chithunzi chathu ku gulu la amayi a mvano pa WhatsApp.

"Ndilembe kuti chiyani, amayi?"

"Ulembe kuti ndakwera phiri la ku America. Zachuluzo usatchule."