Lezala la pamutu pa bambo anga

Bambo anga ankameta mpala Lachisanu lililonse m'mawa, asanasambe kuti apite ku swala ya Juma. Ndevu za pachibwano sankazikhudza ndi lezala, ankangozidulira bwino ndi sizasi, koma mutu wonse mpaka kunkhongo ndi m'munsi mwa khosi munkatsala mosalala ngati dzira. Zipangizo zawo zinali zochepa: beseni la madzi ofunda, chibenthu cha sopo wa Sunlight, kagalasi kosweka pakona, ndi kachitini ka polishi m'mene ankasungamo malezala atawadonthezera mafuta a makina osokera. Kwathu ku Nkhotakota mpweya wa kunyanja suchitira chisoni chitsulo. Malezala a masiku amenewo ukalisiya limodzi pawindo lili lonyowa, kunkacha litayamba kale dzimbiri.

Akatha kudzimeta ankatiitana ife anyamata anayi, kuyambira wamkulu, ndipo tonse tinkadutsa pa lezala lomwelo. Ine ndinali wachitatu, kotero kuti pofika pamutu panga linali litayamba kuzula m'malo modula. Ukalira ankakugwira khutu nkunena kuti mwamuna salirira tsitsi. Likabunthiratu ankatenga tambula ya galasi, nkuinyowetsa, nkumalikanikiza ndi chala m'kati mwake uku ndi uku mpaka anene okha kuti tsopano ladzuka. Lezala limodzi linkatha mwezi, ndipo kenaka mayi ankalitenga kuti azisomolera ulusi pa zovala.

Sindikuwaseka ayi. Iwo anakula akuona agogo akumeta ndi lumo losulidwa pamudzi, lomwe linkanoledwa pamwala ndipo munthu ankafa nkulisiyira ana ake. Lezala lopyapyala la mbali ziwiri linabwera ndi nzeru ina. Munthu wa ku America dzina lake King Camp Gillette anaganiza zopanga chitsulo chotsika mtengo choti umetere kangapo nkutaya. M'chaka cha 1903, pamene anayamba kugulitsa, anagulitsa zogwirira 51 ndi malezala 168 okha. Bambo anga analandira theka la nzeru imeneyi, la kumeta. Theka la kutaya sanalilandire mpaka ukalamba wawo.

Atadwala sitiroko dzanja lamanja linafooka, ndipo lilime linalemera. Lachinayi lina madzulo, patatha masabata atatu chitulukire m'chipatala, anandikodola ndi dzanja lamanzere nkuloza mutu wawo. Tsitsi linali litamera loyera, lolimba ngati burashi. "Mawa ndi Juma," anatero movutikira. Ndinamva chimene amatanthauza. Ine ndinali nditazolowera kale kumetetsa ndi makina kumsika, ndipo lezala ndinali nditalisiya zaka zambiri, koma sindikanatha kuuza bambo wanga kuti sindidziwa kumeta mutu.

Ulendo woyamba ndinachita mwaulemu, ndipo ulemuwo ndi umene unawapweteka. Ndinatenga lezala m'kachitini kawo, nkulinola m'tambula monga ndinkawaonera. Nditangoliyendetsa pamwamba pa khutu ndinamva likukokera, ndipo ndinawonjezera mphamvu. Iwo sanadandaule, koma ndinaona misozi ikutsika payokha. Ndinali nditawanyowetsa mutu mongowaza, ndiye mawu aja akuti kumeta mpala wopanda madzi ndinawamvetsa tsiku limenelo, pamutu pa kholo langa.

Chimene sindinkadziwa nchakuti malezala a m'kachitinimo sanalinso a mtundu umene bambo anaphunzirira kunola. Akale aja anali a chitsulo chochita dzimbiri msanga, koma chomvera kunoledwa pang'ono. Kuyambira m'chaka cha 1962, pamene kampani ya Wilkinson Sword ya ku Britain inatulutsa malezala a chitsulo chosachita dzimbiri, pafupifupi onse opanga anatsatira njira imeneyo, ndipo kunsonga yodulira amapakako mankhwala oterera a mtundu wa amene amapaka m'mapoto osamatirira chakudya. Kuterera kumene timamva pa lezala latsopano kumachokera kwambiri pamenepo. Ukalikhutiza m'tambula ukungopala mankhwalawo. Komanso m'chaka cha 2020 akatswiri a pa sukulu ya MIT ku America, atayang'ana ndi makina okuza zinthu, anaona kuti tsitsi, ngakhale ndi lofewa kwambiri poyerekeza ndi chitsulo, limabenthula nsonga ya lezala nkusiya timipata ting'onoting'ono. Timipata timeneti ndi timene timakola tsitsi nkumakoka khungu, ndipo tambula singatitseke.

Mwana wa mlongo wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg atamva nkhaniyi anatumiza chometera cha makono, cha malezala asanu ondondozana, chogwirira chake chonyezimira ngati cha galimoto. Tonse tinachisilira. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pamutu chinkatsekeka ndi tsitsi nditangoyendetsa kawiri, ndipo patatha masiku anayi kunkhongo ndi m'khosi mwa bambo munatuluka tiziphuphu toyabwa, tina ta mafinya. Vuto silinali la uve. Zometera zotere zinapangidwa kuti lezala loyamba likoke tsitsi pang'ono, lotsatira lidule lisanabwerere, kotero kuti nsonga ya tsitsilo imatsala m'kati mwa khungu. Kwa munthu wa tsitsi lowongoka zimenezi sizivuta kwenikweni. Tsitsi lathu ndi lopotana, ndiye pomera limapindika nkubaya khungu ngati minga. Amuna ambiri a kuno amene m'khosi mwawo muli mabala akuda osatha, gwero lake nlimeneli, ndipo ena amataya ndalama pa mafuta odzola pamene chofunika nkusintha kametedwe.

Ndinabwerera ku lezala limodzi. Apa ndinalakwanso, ndipo kulakwa kumeneku nkwanga ndekha. Ndinaganiza kuti popeza lobuntha linawaliza, mankhwala ake ndi lakuthwa kuposa onse. Mnzanga wina anandipatsa la ku Japan, lotchuka ndi ukali wake. Ndithudi linkayenda ngati pamadzi, losamveka nkomwe kuti likudula. Koma khungu la munthu wokalamba ndi lopyapyala ndiponso lamakwinya, dzanja langa linali lisanazolowere, ndipo kuseri kwa khutu ndinawacheka. Bala linali laling'ono, koma poti ankamwa asipirini tsiku ndi tsiku monga anawalamulira adokotala, magazi anachedwa kuleka. Ndinakhala nthawi yaitali nditakanikiza kansalu koyera pamenepo, mayi ali chilili pakhomo osayankhula. Tsiku limenelo bambo anapita ku mzikiti mutu utametedwa mbali imodzi, atabisa ndi kofia.

Usiku wake ndinadziuza kuti mutu wa bambo si munda wophunzirirapo khasu. Ndinayamba kuyesa malezala pa khosi langa. Ndinayenda m'magolosale ndi m'maokala nkugula timapaketi ta malezala asanu, mtundu uliwonse kamodzi: Nacet, Super-Max, Minora, Topaz ndi ena amene ndinawapeza. Sabata iliyonse mtundu umodzi, chogwirira chomwecho, sopo yemweyo, ndipo ndinkalemba kuseri kwa kope la mwana wanga m'mene lamvekera tsiku loyamba, lachiwiri ndi lachitatu. Akazi anga ankaseka kuti ndatsegula sukulu ya ndevu.

Owerenga anzanga, malezala onsewa ukawayang'ana ndi ofanana. Msinkhu ndi umodzi, kabowo ka pakati nkamodzi, onse amalowa m'chogwirira chilichonse cha mbali ziwiri, ndipo kuchindikala kwake ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita. Kusiyana kuli pa zimene diso siliona: kuuma kwa chitsulo, kanoledwe ka nsonga ndi mankhwala opakidwa aja. Mawu olembedwa papaketi, monga Platinum kapena Stainless, amanena za zimenezi, koma sangakuuzeni m'mene lezalalo lidzayendere pa nkhope yanu. Ndinapeza lina lomwe tsiku loyamba linali lokalipa, koma lachiwiri lofatsa bwino. Lina linali lokoma poyamba nkufa msanga. Mtengo sunandithandize kulosera kanthu. Palibe limene linapyola kumeta kanayi lisanayambe kukoka, ndipo pa mutu wathunthu, umene ndi dera lalikulu kuposa masaya, ndinaona kuti kawiri nkokwanira.

Ndinaphunziranso kuti theka la mlandu umene timaupereka kwa lezala ndi wa madzi. Tsitsi louma ndi lolimba, koma likamwa madzi ofunda kwa mphindi zitatu limafewa moti ngakhale lezala wamba limadula mosavuta. Tsono ndinayamba kuwafunditsa bambo thaulo lonyowa ndi madzi ofunda tisanayambe, kenaka thovu lambiri, nkumameta motsata kumene tsitsi lagonera, pang'onopang'ono, chala china chikukoka khungu kuti makwinya awongoke. Osakanikiza. Lezala likafuna kuti ulikanikize ndiye kuti latha ntchito. Pomaliza nkulitsukuluza, kulikutumula ndi kuliumika pouma, osalipukuta ndi nsalu, chifukwa nsalu imaononga nsonga ndipo imachekesa chala.

Pa mutu wa bambo ndinakhazikika pa Nacet, lija la chithunzi cha ng'ona yodulidwa pakati. Sindikunena kuti ndilo mfumu ya malezala. Mng'ono wanga, yemwe ndevu zake ndi zofewa kuposa zanga, samva za lina koma Super-Max, ndipo nkhope yake ikumuchitira umboni. Chimene ndinganene nchakuti musagule bokosi la malezala 100 musanayese kapaketi kamodzi, ndipo lezala logulitsidwa lili pamtunda, kapena limene kapepala kake kakuoneka kuti kanatsegulidwapo, kapena lili ndi timadontho ta dzimbiri, lisiyeni ngakhale wogulitsa akhale m'bale wanu. Bambo ataona ng'onayo anamwetulira ndi mbali imodzi ya pakamwa nkunena kuti chitsulo chodula ng'ona sichingalephere mutu wa nkhalamba.

Nkhondo yaikulu inabuka pa nkhani ya kutaya. Lachisanu lina nditamaliza kuwameta, anaona ndikutsegula lezala lina kuti ndidzimete ndekha.

"Ilo latani?" anafunsa akuloza lawo lija.

"Ilo ndi lanu, Ababa. Langa ndi ili."

"Ukundinyansidwa?"

Funso limenelo linandilasa. Munthu amene anatimeta tonse anayi ndi lezala limodzi, amene tsopano sankatha kumanga yekha mabatani a mkanjo wake, anamva ngati ndikumuika m'gulu la odetsedwa. Ndinakhala pansi pafupi ndi mapazi awo nkuwafotokozera kuti lezala limacheka ngakhale pamene diso silikuona magazi, ndi kuti kachilombo ka matenda a chiwindi a Hepatitis B kamatha kukhala ndi moyo pa chitsulo chouma kwa masiku asanu ndi awiri, ndipo ambiri amene ali nako sadzidziwa. Ndinawakumbutsa za Edzi, imene inapezeka koyamba m'dziko muno m'chaka cha 1985, ndi maliro amene tinayenda limodzi m'zaka zotsatira. Ndinati, "Mwina wodwala ndine, Ababa. Ine ndimayendayenda, ndimametetsa m'misika. Ndikuteteza inu." Sanayankhe. Anangotembenukira kukhoma, ndipo tsiku lonse sanandiyankhule.

Sabata yotsatira ndinapeza kachitini kawo ka polishi kali pa mpando wanga, m'kati muli malezala onse akale, khumi ndi limodzi. Mayi anati anawauza kuti ndikataye kumene ana sangafike. Ndinakaphwanya pakamwa pake ndi mwala kuti kasatsegukenso nkukaponya m'chimbudzi chokumba.

Anakhala nafe zaka zina zinayi, ndipo Lachisanu lililonse limene ndinali pakhomo ndinkawameta. M'chaka chawo chomaliza mwana wanga wamkazi anabereka mwana wamwamuna, ndipo pa tsiku lachisanu ndi chiwiri tinasonkhana kuti timete tsitsi la khandalo ndi kulipatsa dzina. Mkulu amene anapemphedwa kumeta anatulutsa lezala m'thumba la malaya ake, lokulungidwa m'kapepala ka nyuzi. Ndisanatsegule pakamwa, bambo anagogoda ndodo yawo pansi. Anthu onse anacheuka. Anandiloza ine, nkuloza m'nyumba. Ndinakatenga kapaketi katsopano nkuwapatsa, ndipo iwo anakatembenuza ndi dzanja lamanzere, kuyang'ana ngati nkomata, kenaka anakapereka kwa mkulu uja.

"Munyowetse kaye," anatero. "Ndipo pa liwombo mupite bwino."