Zipilala Ziŵiri za ku England

M'buku lachiŵiri la Samuele timaŵerenga za Abisalomu, amene anadziimikira chipilala m'Chigwa cha Mfumu poopa kuti dzina lake lidzaiŵalika. Mantha otere sanathere pa iye yekha. Eni minda ikuluikulu a ku England nawonso anaimika zipilala zachikumbutso pakati pa msipu ndi mitengo yozungulira nyumba zao.

Ku Blenheim, pafupi ndi mzinda wa Oxford, kuli chipilala chotalika mamita 41, chimene anamaliza kuchimanga m'chaka cha 1730. Pamwamba pake paimirira fano la John Churchill, Duke woyamba wa Marlborough, atavala ngati mkulu wa asilikali a Aroma. Amene anachimangitsa ndi mkazi wake wamasiye, Sarah, pokumbukira kupambana kwa mwamuna wake, makamaka pa nkhondo ya mu 1704, pamene anagonjetsa magulu ankhondo a France ndi Bavaria. Mau ozokotedwa patsinde pake ndi ochuluka ndithu, osimba za ulemerero wake ndi za malamulo omupatsa malowo. Koma maina a asilikali zikwizikwi amene anagwa tsiku limenelo m'mbali mwa mtsinje wa Danube sakupezekapo. Nawonso anali ana a anthu, obatizidwa monga ife.

Chotigwira mtima koposa ndi cha ku Holkham, m'chigawo cha Norfolk. Thomas Coke, amene anamwalira mu 1842, anatchuka chifukwa chotukula ulimi ndi ziŵeto, ndipo chaka ndi chaka ankasonkhanitsa alimi pa nthaŵi yometa nkhosa kuti aphunzitsane. Atamwalira, alimi ndi abwenzi ake anasonkha ndalama, ndipo ntchito yomanga inayamba mu 1845. Patsinde anasemapo ng'ombe, nkhosa, pulawo ndi makina ofesera mbeu. Pamwamba penipeni, pamene ku Blenheim pali munthu, iwo anaikapo mtolo wa tirigu.

Sitikunena kuti Coke anali woyera, ai. Anali mwinimalo wolemera, ndipo aganyu amene ankagwira pulawoyo m'nyengo yachisanu sanalembedwe maina pamwalapo. Komabe ife amene timapereka mkate wa tirigu paguwa la nsembe sitingayang'ane mtolo umenewo ngati chokongoletsera chabe, pakuti tidziŵa kuti tirigu safika pamenepo popanda manja ambiri osadziŵika.

M'mwezi wa Novembala, pamene tipempherera mizimu ya onse amene anatsogola, asilikali a ku Danube aja ndi aganyu a ku Norfolk timaŵaŵerengera pamodzi ndi makolo athu.