Safunsa Anadya Phula

Pa tchuthi chapitachi ndinakacheza kwa amalume ku Limbe. Tsiku lina anandipatsa ndalama kuti ndikaone mzinda wa Blantyre. Njala itandipweteka, ndinalowa mu lesitilanti ina yokongola pa Victoria Avenue, pofuna kuoneka ngati mwana wa m'tauni. Ndinaitanitsa mpunga ndi nkhuku osafunsa mtengo. Abale inu! Ndalama yonse inathera pomwepo, ndi ya minibasi yomwe. Ndinabwerera wapansi mumsewu wa Chipembere, ndikulira chamumtima.

M'mawa mwake amalume ananditengera kumsika wa Limbe. Kumeneko mayi wina anandipakulira nsima yotentha ndi chambo, nandiwonjezera mtanda waulere. "Idya mwanawe, ukule," anatero. Nkhuku ija ndinaiwala kukoma kwake, koma nsima imeneyo ndimailakalaka mpaka lero.