Tsache Silidziwa Cuma

Kompyuta nayo imasonkhanitsa zinyalala monga nyumba. Munthu akalemba kalata kapena kutsegula intaneti, makinawo amasiya timafaelo ta kanthawi, ndipo tikaculuka malo amacepa, nchito niyamba kucedwa.

Ine ndimalembela anthu makalata pa kompyuta ku Kabwata. Pa Ciwelu ciliconse ndimasesa makina anga ndi Disk Cleanup, pulogalamu imene imabwela pamodzi ndi Windows. Koma ndisanavomeleze kufafaniza, ndimawelenga mndandanda wonse, pakuti tsache silidziwa cuma.

Mwezi watha kunafika amai ena amasiye ocokela ku Chelstone. Mnyamata wokonza makina m'tauni anawayeletsela kompyuta, nakhuthula Recycle Bin, m'mene munagwela makalata a penshoni ya malemu amuna ao. "Atate, kodi angabwelelenso?" anandifunsa motelo. Tinayesa ndi pulogalamu yobweza mafaelo, koma tinapulumutsa awili okha mwa asanu. Pamalo pa enawo panali patalembedwa kale zina. Atatuwo adzawafunafuna m'maofesi, ndi ndalama za basi zimene alibe.

Cenjelaninso ndi matsache aulele a pa intaneti. M'caka ca 2017 akuba anabisa kacilombo mu CCleaner 5.33, ndipo makompyuta oposa 2 miliyoni anakalandila.

Conde awelengi, sesani ndithu makina anu. Koma yambani mwakopela makalata ofunika pa flash disk, ndipo suzumilani m'dzala musanayatse moto.